Doko la Beira: Mmene Linamangidwira Pamatope

Zikomo a tcheyamani. A mfumu, amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata muli kumbuyoko, ndakupatsani moni nonse. Ine ndinagwira ntchito yoombola katundu kudoko kwa zaka zambiri, ndiye pamsonkhano wathawu wina anandifunsa kuti, "Bwanji feteleza amachedwa, chonsecho amatiuza kuti sitima inafika kale ku Beira?" Funso limenelo silingayankhike bwino tisanadziwe mmene doko lenilenilo linamangidwira.

Beira isanakule, katundu wa dziko lino ankalowera pa Chinde, pamene mtsinje wa Zambezi umathirira m'nyanja yamchere. Mu 1891 Angelezi anabwereka malo pamenepo kwa Apwitikizi, ndipo katundu ankatsitsidwa m'sitima zikuluzikulu n'kuikidwa m'zing'onozing'ono zokwera Zambezi ndi Shire mpaka kuno kwathu kuchigwa. Koma gombe la Chinde linali lamchenga, nyanja inkangolidya chaka ndi chaka. Mu 1922 namondwe anawononga malowo, chaka chomwechonso njanji yochokera ku Beira inafika m'mbali mwa Zambezi. Chinde inathera pomwepo ngati chipata chathu.

Tsono Beira. Inayamba mu 1887 ngati kamsasa ka asilikali a Chipwitikizi m'mbali mwa kamtsinje ka Chiveve. Malowo anali dambo, matope okhaokha ndi udzudzu. Munthu wofuna doko labwino sakanasankha pamenepo. Anasankhapo chifukwa cha zimene zinali kumtunda. Azungu amene analanda dziko lomwe lero ndi Zimbabwe ankafuna njira yachidule yofikira kunyanja, ndipo njira yachiduleyo inkathera pamathiriro a mtsinje wa Pungwe. Njanji inayamba kumangidwa mu 1892, n'kufika ku Umtali, komwe lero timati Mutare, mu 1898. Anthu ambiri anafa ndi malungo pa ntchito imeneyo, makamaka anthu akuda amene ankakumba ndi kusenza dothi, ndipo mayina awo sanalembedwe paliponse. Ine zimenezi zimandikhudza ndikamayenda padokopo.

Poyamba panalibe ngakhale pokocheza sitima yaikulu. Inkaima pakati pa madzi, mabwato n'kumapita kukatenga katundu pang'onopang'ono. Pokocheza pakuya panamangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920. Ifeyo tinalumikizidwa kwathunthu mu 1935, pamene anatsegula mlatho wa Dona Ana pakati pa Sena ndi Mutarara, wotalika makilomita pafupifupi 3.7. Kuyambira pamenepo tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje, fodya ndi thonje zinkakwera sitima yapamtunda, kudutsa pa Nsanje pano, pomwe nthawiyo pankatchedwa Port Herald, osatsitsidwanso mpaka kunyanja. Mu 1949 boma la Portugal linatenga dokoli m'manja mwa makampani n'kuyamba kuliyendetsa lokha.

Apa ndiye ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ndi pamene pagona yankho la feteleza uja. Mitsinje ya Pungwe ndi Buzi imabweretsa matope ndi mchenga tsiku lililonse, monga mmene Shire amatsirira dothi m'madimba mwathu madzi akasefukira. Kuti sitima ifike padoko, imayenda mu ngalande yokumbidwa pansi pa nyanja, yotchedwa Macuti, ya makilomita pafupifupi 30. Ngalandeyo imakwiririka. Pamafunika sitima zapadera zoyamwa matope n'kukawataya kutali, ndipo zikangoima kwa zaka zochepa, njira imachepa kuya. Kuwonjezera apo, madzi a pa Beira amakwera ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo nthawi zina kusiyana kwake kumaposa mamita 6. Ndiye sitima yodzaza kwambiri imadikira kunja mpaka madzi akwere. Ina imayenera kubwera isanadzaze. Zikakhala zambiri zimaima pamzere, ndipo tsiku lililonse lodikira mwini sitima amalipiritsa. Ndalama imeneyo, amayi, imadzathera pa mtengo wa thumba limene mumagula.

Mukayerekeza ndi Nacala, kumpoto kuja, kusiyana kwake n'koonekeratu. Kumeneko madzi ndi akuya mwachilengedwe, safuna kukumbakumba. N'chifukwa chake mu 1970 Malawi anatsegula njanji ina yochokera pa Nkaya kudzera pa Nayuchi.

Ndale nazo zinalivuta doko la Beira. Ian Smith atalengeza ufulu wa azungu ku Rhodesia, komwe lero ndi Zimbabwe, mu 1965, sitima zankhondo za Britain zinayamba kulondera kunja kwa dokoli kuyambira 1966 mpaka 1975 kuti mafuta opita ku Rhodesia asalowe. Mozambique italandira ufulu mu 1975, Samora Machel anatseka malire ndi Rhodesia mu 1976, katundu wodutsa n'kuchepa kwambiri. Kenako nkhondo yapachiweniweni. Akuluakulu muli panowa simukufuna kuuzidwa, munalandira othawa nkhondo m'makomo mwanu. Njanji ya Sena inaphwasulidwa, mlatho wa Dona Ana unawonongedwa m'zaka za m'ma 1980, ndipo katundu wathu anayamba kuzungulira ndi malole mpaka ku Durban ndi Dar es Salaam. Doko linalipo, makireni analipo, koma njira yofikirako inali itaduka.

Kukonzanso kunayamba nkhondo isanathe. Mayiko a bungwe la SADCC, limene lero ndi SADC, anagwirizana kuti njira ya Beira itsegulidwe kuti asamadalire South Africa ya tsankho. Ndi thandizo la mayiko a ku Ulaya anakumbanso ngalande ija ndi kumanga malo atsopano otsitsira makontena ndi mafuta. Mtendere unasainidwa mu 1992. Mu 1998 malo a makontena ndi katundu wamba anaperekedwa kwa kampani ya Cornelder de Moçambique, momwe bungwe la boma loyendetsa madoko ndi njanji la CFM lilinso ndi gawo. Njanji ya Sena inakonzedwa pambuyo pake, ndipo mu 2011 malasha a ku Moatize anayamba kutsikira ku Beira.

Mu Malichi 2019 namondwe wa Idai anagwera pa Beira penipeni. Madenga a nyumba zosungira katundu anasasuka, msewu waukulu wopita kumtunda unaduka, ndipo mzindawo unakhala wosafikika pagalimoto kwa masiku angapo. Mvula ya namondwe yemweyo ndi imene inali itatimiza kale kuno ku Nsanje ndi Chikwawa. Popeza mbali zina za mzindawo zili m'munsi kwambiri, kulingana ndi nyanja ikadzaza, amene akukonza mapulani a doko masiku ano akuyenera kuganiziranso za ngalande zotulutsa madzi ndi zotchinga mafunde, osati pokocheza pokha.

Chimene chimandipweteka ine n'chakuti njanji imene agogo athu ankakwera ili pakhomo pathu pomwe pano, koma kuchokera pamene madzi anakokolola njanji ku Chiromo mu 1997, sitima yochokera ku Limbe sinatsikenso mpaka kuno. Feteleza wotsika pa Beira amakwera lole, kuzungulira ku Tete, kulowa pa Mwanza, kufika ku Blantyre, ulendo wa makilomita pafupifupi 800, kenako n'kutsetsereka pa Thabwa kubwera kwa ife amene tili kufupi ndi dokolo kuposa onsewo. Ntchito yokonza njanji ya Marka mpaka Bangula inayambika, ndipo ndikupempha a mfumu ndi a komiti kuti aphungu athu akabwera, tiwafunse pamene yafika ndi tsiku limene idzathe.

A tcheyamani, ndiima kaye apa. Ndaona mayi awo akweza dzanja kalekale, ayambe ndi iwowo.