Za katochi kaja kotchajira pa soketi ya laita ya mu galimoto

Alo alamu, mwaswera bwanji, ndaona kavidiyo kanu kaja, katochi kakugwedera mu soketi eti. Ndili pa Chinamwali pano ndikudikira mapasenja ndiye ndati ndingojambula mawu, kulemba kwandivuta manja ali ndi oyilo.

Ndiye choyamba, ayi dikirani, choyamba thimitsani galimoto muzule kiyi. Muzule ndithu, ndipo ngati yanuyo soketi imakhala ndi moto ngakhale mutazula kiyi, chifukwa zina zili choncho, musamalitse kwambiri. Kenako muunike mkatimo ndi foni. Pansi penipeni pakatikati pali kachitsulo, ameneyo ndiye pozitivi, ndipo khoma lonse lozunguliralo ndiye negetivi. Katochi kanu nakonso kali chimodzimodzi, kansonga kakutsogolo kaja kamakagunda pansi, timapiko tachitsulo tam'mbali tija timagwira khoma. Zonse ziwiri zikhudze, apo ayi sikatchaja. Mukaona fumbi kapena nyenyeswa za mtedza mkatimo muchotse ndi kamtengo ka machesi, osati waya, osati pini, kamtengo basi.

Tsono chifukwa chake kakugwedera sikuti mwagula kabodza ayi. Masoketiwa si ofanana onse. Onse ali pafupifupi mamilimita 21 koma alipo amitundu iwiri, ena ndi otakasuka pang'ono ndi theka la milimita, makamaka galimoto zambiri za ku Ulaya. Theka la milimita lokha alamu, ndi maso simungalione, koma pa msewu wa ku Chingale mabampu aja katochi kamangotuluka pang'onopang'ono mpaka kansonga kasiya kugunda. Inu muziti kakutchaja pomwe kangokhala.

Ndiye mukatulutse, mukagwire m'manja kunja kwa soketi, timapiko tija mutikwezeko pang'ono ndi chikhadabo kapena kasikuludiraiva kakang'ono. Pang'ono, ndati pang'ono, mukakoka kwambiri timathyoka ndipo kubwezeretsa kwake kulibe. Mukaike muone. Nthawi zambiri zimathera pomwepo.

Ngati kakugwederabe ndiye tepi. Apa ndiye mumvetsere chifukwa ine pondipweteka pake ndi pamenepa. Tepi yakuda ija ya amagetsi, mukulunge pa pulasitiki pokha, kumbuyo kwa timapiko, mbali yoyandikira galasi la katochiko, pamene pamathera pakamwa pa soketi. Kawiri kapena katatu basi. Timapiko tikhale poyera. Mwamva? Ndibwereze, tepi isaphimbe chitsulo chilichonse. Ine ndinakulunga konseko, mpaka timapiko, kanalowa bwinobwino kothina, mtima unakhala pansi ndithu. Sabata yonse kali momwemo. Ndiye tsiku lina usiku ndikutsika ku Ku Chawe ndi alendo, pa makona aja, tayala lakumbuyo laphwa. Ndatulutsa katochi, ndadina, zii. Kalibe moto olo pang'ono. Foni nayo inali itatsala pang'ono kuthima, mdima wa kuphiri kuja mukuudziwa, kuzizira, mayi wina ali ndi mwana m'manja, ine ndikufufuza manati pansi ndi manja. Sindifuna inu zikuchitikireni zimenezo, makamaka poti mumayenda ndi achemwali anga ndi ana.

Ndipo chachiwiri chake, eee, m'mawa mwake ndinachotsa tepi ndikuikapo kapepala konyezimira kaja ka mu paketi ya ndudu, poganiza kuti poti nkachitsulo magetsi adutsa. Osayesa. Kanatsetsereka nkukagunda pansi, kulumikiza pozitivi ndi khoma, ndinangomva thi, fyuzi yapsa. Zikakuchitikirani, kabokosi ka mafyuzi kamakhala pansi pa dashibodi kapena mu boneti, pa chivundikiro amalemba, pa Toyota zambiri mupeza CIG, ndiyo fyuzi ya laita. Yanga inali ya 15, yabuluu ija. Ya 10 imakhala yofiira. Muikemo nambala yomweyo yomwe mwachotsa, musakweze, ndipo zomanga ndi waya zija ayi, mudzaotcha mawaya a galimoto yonse.

Ndinafika pati... eya, kuyesa. Mukakaika mupotoze kiyi afike pa ACC, paja wailesi imayaka injini isanalire, galimoto zathu za ku Japan zambiri soketi siyaka kiyi asanafike pamenepo. Muone kagetsi kakang'ono kosonyeza kuti kakutchaja, kanga kamayaka kofiira, kanu mwina nkosiyana muwerenge pa paketi. Ndiye mukagwedeze ndi chala. Kagetsi kakamaphethira ndiye kuti sikanagwire, bwererani pa timapiko paja. Osati kuonjezera tepi ayi, timapiko kaye. Komanso mukakankhe mpaka kafike pansi, anthu ambiri amalekera panjira.

Nanga kakakhala kothina kosalowa? Musamenye ndi chikhatho. Soketi zina za laita zili ndi tizitsulo mkati togwira laita ikamatentha, ndiye katochi kamakodwa pamenepo, mukakakamiza mupinda tizitsuloto. Muyese soketi ina, galimoto zina zili nayo yachiwiri kumbuyo kapena mu buti.

O, ndisanaiwale, lole. Mnyamata wina wa ku Matawale yemwe timaimika naye ndinamuuza ine, ndinati katochi kako kalembedwa 12V, malole akuluakulu ndi 24V, usakaike. Anati magetsi ndi magetsi. Anakwera lole ya mchenga, wakaika, asanafike ndi pa Songani pomwe kayamba kununkha pulasitiki. Anabwera nako kwa ine kuti ndikonze, ndikonza chani kapsa mkati monse. Ndiye muone pathupi pake, kakalembedwa 12-24V palibe vuto, kakalembedwa 12V yokha kazikhala mu galimoto yaing'ono.

Ndiye tepi pa pulasitiki pokha alamu, mukakulunga munditumizire chithunzi ndione musanakaike. Eya bwerani mayi, ya mtauni yomweyi, khalani kutsogolo... alamu ndiimbanso madzulo.