R5 ya Mandela ija mwaibisa mu sutikesi: ndi chuma kapena akukunamizani?

Moni moni abale anga a ku Mbare, Mufakose, Mabvuku, Tafara muno mu Harare, ndi inu amene mukuonera muli ku Joni kapena kumudzi ku Malawi, mwaswera bwanji. Lero tikamba za kandalama aka [kuonetsa pa kamera], R5 ya Mandela ya 2008, koini ya marandi asanu ya ku South Africa, chifukwa foni yanga yadzaza ndi uthenga umodzimodzi, achimwene ndili nazo zitatu ndikagulitse kuti, akuti imodzi yokha ikugula galimoto. Ayi ndithu. Khalani pompo mpaka kumapeto chifukwa ndikuonetsani ndalama ina imene inagulitsidwadi pa madola opitirira 2 miliyoni, ndipo ngati simunadine sabusikiraibu dinani pano pano, kabelu kaja nakonso, sikaluma.

Choyamba, mwachangu. Ndalama iyi inatulutsidwa ku South Africa mu 2008 pokondwerera kuti Nelson Mandela wakwanitsa zaka 90, anabadwa pa 18 July 1918. Ili ndi zitsulo ziwiri, pakati pofiirira, m'mphepete moyera, ngati R5 ina iliyonse kuyambira 2004. Mulibe golide, mulibe siliva. Pali inanso ya 2000 ya chitsulo chimodzi yokhala ndi nkhope yake akumwetulira, ya 1994 ya tsiku lolumbira ija ya Union Buildings, ndi ya 2018 ya zaka 100. Basi, tadutsa.

Chachiwiri, mtengo wa ndalama yakale umachokera pa zinthu zitatu, zilipo zingati, yasungika bwanji, ndipo alipo amene akuifuna ali ndi ndalama m'manja. Ukale pawokha si kanthu. Tadutsanso.

Chachitatu tsono, apa ndiye ndikhala pansi bwinobwino chifukwa bodza ili limandinyansa. Bodza loti R5 ya Mandela ndi yosowa. Yosowa bwanji abale? Anapanga pafupifupi 22 miliyoni. Ndibwerezenso, 22 miliyoni. Kalembera wa 2022 anapeza kuti mu Zimbabwe muno tilimo anthu opitirira pang'ono 15 miliyoni, ndiye kuti mutati mugawe aliyense imodzi, kuyambira khanda lobadwa dzulo mpaka agogo a ku Epworth, zikhoza kutsalabe mamiliyoni. Chinthu choti aliyense akhoza kukhala nacho chimasowa pati?

Ndipo ife a mu Harare tikuidziwa bwino ndalama imeneyi kuposa anthu ambiri. Kumbukirani 2009, dola yathu itafa, tikugwiritsa ntchito dola ya America ndi randi, chenji kulibe, mu shopu akukupatsa maswiti kapena bolopeni m'malo mwa chenji, kombi yopita mtauni inali R5 kapena 50 senti. Ma R5 anali kulowa ndi mabasi pa Roadport tsiku ndi tsiku, kondakitala atawadzaza m'manja akuwagwedeza tche tche tche pa siteji ya makombi ya Copacabana, ena mwa iwo anali a Mandela omwewa, akukhulana ndi makiyi mthumba, kugwa pa tala, kutoledwa, kupita kwa mayi ogulitsa tomato pa Mbare Musika. Yanuyo mwina inadutsa m'manja mwa anthu ochuluka isanafike mu sutikesi mwanumo, taionani pa tsaya la Mandela, mwaona timizere tija? Kwa munthu wotolera ndalama zakale timizere timeneto ndiye kuti nkhani yatha.

Ndikudziwa wina akulemba kale mmunsimu kuti koma ndinaiona pa intaneti ikugulitsidwa ma randi masauzande ambirimbiri. Amalume, munaona munthu akuitanira mtengo, simunaone munthu akulipira. Inenso ndikhoza kuika silipasi yanga yakutha pa Facebook n'kulemba kuti $5,000, chithunzi chikhala pamenepo chaka chonse, ndiye wina n'kuyamba kuuza anzake kuti masilipasi akwera mtengo. Pa eBay pali poti mumasankha kuona zimene zinagulidwa kale osati zimene zikungotsatsidwa, pitani pamenepo mukadzionere nokha, mtima ukhala m'malo.

Nanga phokoso linachokera kuti? Linachokera kwa ogulitsa. Ndalama itangotuluka, anthu a bizinesi ya makoini anatenga zatsopano zisanagwiridwe ndi munthu, n'kuzitumiza ku America kukayezetsa kwa makampani opereka malikisi a mmene ndalama yasungikira, zochepa zimene zinapeza malikisi apamwamba kwambiri zinagulitsidwadi modula, manyuzipepala n'kulemba, aliyense n'kuyamba kubisa yake. Ndiye taonani mmene zimadzipwetekera zokha, aliyense akabisa ndiye kuti zosungika bwino zikuchuluka, ndipo anthu akapitiriza kutumiza zina kukayezetsa, za malikisi apamwamba zija zimene zinali zowerengeka zimawonjezekera, mtengo n'kutsika. Amene anagula phokoso lili pachimake ndi amene analira. Mandela atamwalira pa 5 December 2013 nkhani inadzukanso, akuti tsopano ndiye ikwera, koma imfa ya munthu siichotsa ngakhale koini imodzi pa 22 miliyoni paja.

Kenako pali kamng'ono kake ka bodza lomweli, koti banki yaikulu ya ku South Africa ikugula ma R5 amenewa. South African Reserve Bank inanena poyera kuti ndalama zokumbukira zinthu zimene inazitulutsa kuti ziziyenda m'manja mwa anthu mtengo wake ndi womwe walembedwapo, ndipo inalimbikitsa anthu kuti azigulira zinthu. R5 ndi R5. Ndiye wina akakutumizirani uthenga pa WhatsApp kuti pali bwana akufuna kugula yanu koma mutumize kaye kenakake pa EcoCash ka satifiketi kapena ka transipoti, mubulokeni, wogula weniweni sakulipiritsani kuti akugulireni.

Ndisanapitirire, achemwali anga abweretsa zitenje zatsopano kuchokera ku Lilongwe, zokongola zedi, za ukwati za chinkhoswe zonse zilipo, ndilembereni mmunsimu ndikulumikizani. Komanso laiki abale, mukuonera anthu ambiri koma malaiki ochepa, vidiyo siyenda popanda malaiki.

Chachinayi, kuyezetsa kuja. Makampani odziwika ndi NGC ndi PCGS, onse a ku America, amapereka malikisi kuyambira 1 mpaka 70 n'kuitsekera ndalamayo mu kapulasitiki kolimba kokhala ndi nambala yoti mukhoza kuifufuza pa webusaiti yawo. Kuyambira 60 kupita mmwamba ndi ndalama yoti sinayendepo. Kusiyana kwa 65 ndi 68 inu ndi ine sitingakuone ndi maso, koma pa mtengo ndi kutali kwambiri. Yochokera mu kombi siifika n'komwe pa 60, ndipo ndalama yotumizira ndi kuyezetsera iposa mtengo wa koiniyo kambirimbiri.

Chachisanu, ija ndinalonjeza, kuti muone kusowa kwenikweni. Imatchedwa Single 9 Pond, ya golide, ya nthawi ya Paul Kruger, pulezidenti wa Mabuno ku Transvaal, ku South Africa. Mu 1899 nkhondo ya Mabuno ndi Angerezi itayamba, zidindo za chaka chatsopano sizinafike ku Pretoria, ndiye anaganiza zotenga za 1898 n'kumenyapo 9 pansi pa chithunzi cha Kruger. Atamenya yoyamba anaona kuti 9 uja wakula kwambiri mpaka wakhudza chithunzi, anasiya, zotsatirazo 130 anamenyapo 99 waung'ono. Ya 9 mmodziyo ilipo imodzi yokha padziko lonse, inakhalapo m'manja mwa Mfumu Farouk ya ku Egypt, ndipo mu January 2025 inagulitsidwa pa okushoni ya Heritage pa $2.16 miliyoni. Imodzi. Yanu ili ndi anzake 22 miliyoni, mukuona kusiyana kwake eti.

Chachisanu ndi chimodzi, musatsuke. Osakwecha ndi phulusa, osaviika mu Coca-Cola, osapaka polishi, ndalama yotsukidwa otolera amaizindikira msanga ndipo mtengo umagwa. Gwirani m'mphepete basi.

Ndipo poti ambiri a ife makolo athu anabwera kuno nthawi ya Chitaganya kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, ndikudziwa m'nyumba zambiri muli kobiri loboola pakati lija la Rhodesia and Nyasaland, la njovu ziwiri, ndi tiki. Nawonso anapangidwa ambirimbiri, ndipo zoti amakoka mpunga kapena muli mankhwala odula mkati mwake ndi nkhambakamwa za akuba. Lisungeni chifukwa linali la agogo, muwaonetse ana, koma musakongole ndalama kwa katapila poyembekezera kuti mugulitsa.

Ngati muli ndi R5 yoti ili kale mu kapulasitiki ka NGC kapena PCGS, imeneyo ndi nkhani ina, lembani malikisi ake mmunsimu tikambirane. Enanu lembani kuti muli nazo zingati ndipo anakuuzani kuti ndi ndalama zingati, ndikufuna ndiseke. Sabata yamawa tikamba za pepala lija la madola a Zimbabwe 100 trillion la a Gono, amene anali mkulu wa banki yaikulu ya dziko lino, limene tinkalitaya mu 2009 koma alendo akuligula ku Victoria Falls, ndi mmene mungadziwire lenileni ndi lofotokopa. Tionana.