Jumbo ikafumbutuka imapita kuti?

Zikomo a mfumu, amayi ndi abambo nonse. Akumbuyoko mukundimva? Chabwino.

Jumbo ndanyamulayi ndaitola pakhomo pomwepa. Taonani mmene yayerera ndi dzuwa, ndikaifinya ikungofumbutuka ngati fodya wouma. Wina anena kuti yawola. Ayi ndithu. Khoko la nthochi ndiye limawola n'kukhala manyowa. Pulasitiki sawola, amangophwanyika, chidutswa kubala tizidutswa, mpaka maso kulephera kutiona. M'gulu la tizidutswa timeneti akatswiri amawerengera tonse tosafika mamilimita 5. Tina timachepa kuposa njere ya mawere, tina ndi fumbi lenileni.

Tsono mvula yathu ya Mzuzu mukuidziwa, ilibe manyazi. Ikagwa imakokolola zonse za m'ngalande za ku Chibavi, ku Chiputula ndi kumsika, n'kukazitula mu Lunyangwa. Lunyangwa amathira mu Kasitu, Kasitu mu South Rukuru, ulendo wa kunyanja. Kumeneko kansomba kakaona kanthu kakuyandama kamayesa chakudya, n'kumeza. Nanga usipa timautumbula ngati? Timadya wonse, mutu ndi matumbo omwe.

Si majumbo okha ayi. Majuzi a kaunjika timafunda kukazizira mu June aja, ambiri ulusi wake ndi wa pulasitiki, ndipo pochapa tiulusi timathothoka n'kupita ndi madzi. Matayala a galimoto nawonso akamaperepeseka pa M1 apa, fumbi lakelo ndi lomweli.

Mu 2022 akatswiri a ku Netherlands anayeza magazi a anthu 22, ndipo mwa anthu 17 anapezamo tizidutswa timeneti. M'magazi, abale anga, osati m'dzala.

Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikironi 60 kuchindikala kwake (mamaikironi 1,000 ndiwo milimita imodzi) mu 2015, ndipo khoti lalikulu la Supreme linagwirizana nazo mu 2019. Koma pitani mukagule tomato wa pamulu mawa, muona chomwe akukulungireni. Ifenso ogula tili ndi mbali yathu, timanyamuka kunyumba chimanjamanja, dengu lili pakhoma.

Chimene chimandiwawa kwambiri ine ndi cha kukhitchini. Kuvundikira mbatata kapena mpunga ndi jumbo uli pamoto, kuikamo tchipisi chotentha, kukolezera mbaula ndi jumbo mwana ali kumsana akupuma utsiwo. Pulasitiki akatenthedwa ndi pamene amatulutsa tizidutswa tambiri. Masamba a nthochi tili nawo mbwee kuseri kwa nyumba, agogo athu ankavundikira amenewo.

Mayi a chitenje chobiriwira apo, ndaona mwakweza dzanja kalekale. Funsani.