James Stewart: katswiri wa mafilimu amene ankatsogolera ndege za mabomba

Mafumu athu, amayi ndi abambo, achinyamata nonse, zikomo pobwera. Lero tikambirane za James Stewart, katswiri wa mafilimu wa ku America amene anakayendetsa ndege zoponya mabomba pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, nkhondo yomwe ija agogo athu a gulu la asilikali la King's African Rifles (KAR) anakamenya ku Burma.

Mu February 1941 bamboyu analandira mphoto ya Oscar chifukwa cha filimu ya The Philadelphia Story. Pa 22 March chaka chomwecho analowa usilikali pa udindo wotsikitsitsa. Poyamba anamukana chifukwa anali wamtali koma wowonda mopitirira muyezo wa asilikali. Chomwe chinamuthandiza n'chakuti ankayendetsa kale ndege, chiphaso anali nacho kuyambira 1935. Kwa nthawi yaitali anamusunga kwawo komweko ngati mphunzitsi wa oyendetsa ndege, koma iye anaumirira kuti apite kunkhondo. Mu November 1943 anafika ku Tibenham, m'chigawo cha Norfolk ku England, akutsogolera kagulu ka 703 ka gulu la 445th Bomb Group. Bambo ake anamupatsa kalata yokhala ndi Salimo 91 kuti aziyenda nayo.

Tsono mvetserani za ndege yakeyo, B-24 Liberator. Inali ndi mainjini 4, mapiko otalika mamita 33, anthu 10 m'kati, ndi mfuti zikuluzikulu pafupifupi 10 zoloza kutsogolo, kumbuyo, pamwamba, pansi ndi m'mbali. Inkauluka mamita oposa 6,000 m'mwamba, pamene mphepo yakunja inkalowa m'kati momwemo. Kumeneko kumazizira mpaka madigiri 40 pansi pa ziro. Ukagwira chitsulo cha mfuti opanda magolovesi, khungu limatsalira pomwepo. Aliyense ankapumira m'chophimba kukamwa cholumikizidwa ku botolo la okosijeni, ndipo vuto linali lakuti chinyontho cha mpweya wa munthu chinkaundana n'kutseka paipi. Munthu sankamva ululu ayi, ankangofooka n'kukomoka. N'chifukwa chake ankaitanana mayina pafupipafupi pa wailesi ya m'ndege, ndipo wina akapanda kuyankha mnzake ankapita msanga kukamuona. Petulo nayenso ankadontha, fungo lake n'kudzaza m'kati, choncho ambiri ankatsegula pang'ono zitseko za mosungira mabomba kuti nthunziyo ituluke isanakumane ndi moto.

Chiwongolero chake chinali cholimba zedi. Panalibe makina othandiza mikono, ndiye woyendetsa ankalimbana nacho ndi mphamvu zake kwa maola 6 kapena 8.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Ndege imodzi payokha sinkatha kudziteteza kwa ndege zothamanga za Ajeremani. Chitetezo chinali kuuluka mothinana, mapiko pafupi ndi mapiko, kuti mfuti za ndege zonse zithandizane. Kusonkhana kokhako kunali koopsa. Ndege zinkanyamuka motsatizana, zitalemedwa ndi mabomba ndi mafuta, n'kukwera m'mitambo momwe woyendetsa sankaona mnzake. Zina zinkagundana zisanatuluke n'komwe mu England. Pamwamba pa mitambo ankafunafuna ndege yakale yopakidwa utoto wowala wa mizeremizere kapena madontho, n'kufola pambuyo pake. Akayandikira malo oti aphulitse, ankayenera kuuluka molunjika osakhota ngakhale mizinga ya mamilimita 88 ikuphulika mozungulira, chifukwa kukhota pang'ono kunkasokoneza woloza mabomba. Injini ikawombedwa, woyendetsa ankaizimitsa n'kutembenuza masamba a pulopela kuti asalimbane ndi mphepo. Akachedwa kutero, ndege inkatsalira m'mbuyo, ndipo yotsalirayo ndi imene adani ankayamba nayo.

Ulendo woyamba wa Stewart unali wa ku Kiel, mzinda wa ku Germany, pa 13 December 1943. Koma wosonyeza bwino nzeru zake ndi wa pa 7 January 1944. Atachoka kophulitsa ku Ludwigshafen ku Germany komweko, gulu lotsogolera la 389th linatenga njira yolakwika. Stewart anawauza pa wailesi, koma sanamumvere. Akanatha kutenga njira yolondola n'kubwerera ndi anthu ake okha. Iye anasankha kutsatira osocherawo kuti magulu awiriwo asagawanike. Adani anawapeza ndithu, gulu la 389th linataya ndege zingapo, koma la 445th linafika lonse. Ine ndikuona kuti chimenechi chinali chisankho chovuta kuposa kulimba mtima kwa pa mfuti, pakuti anadziwa kuti njirayo ndi yolakwika koma anawerenga bwino kuti kugawanika kukanapha anthu ambiri.

Musaganize kuti zinkatha bwino chonchi nthawi zonse. Pa 24 February 1944 gulu lake linapita ku Gotha ku Germany iye atatsala, ndipo mwa ndege 25, zokwana 13 sizinabwerere. Werengani anthu 10 pa ndege iliyonse.

Mu March 1944 anamusamutsira ku gulu la 453rd ku Old Buckenham kukakonza ndondomeko ya maulendo, komabe ankapita nawo ena mwa iwo. Maulendo ake ankhondo olembedwa ndi 20. Anamaliza nkhondo ali kanelo, atalandira mendulo ya Distinguished Flying Cross ndi Croix de Guerre ya ku France. Anabwerera ku mafilimu mu 1946 koma sanasiye usilikali: mu 1959 anakwezedwa kukhala brigadiya jenerali, mu 1966 anakwera ndege ya mabomba ya B-52 ku Vietnam monga woonerera, ndipo anapuma mu 1968. Pagulu sankakonda kukamba za nkhondoyi.