Chimene chinatenga anthu 7 a mu Challenger

Zikomo a mfumu, zikomo amayi ndi abambo. Kumbuyoko mukundimva? Chabwino.

M'mawa wa pa 28 Januwale 1986, ku Florida m'dziko la America, chombo chopita mumlengalenga chotchedwa Challenger chinanyamuka ndi anthu 7. Patangotha masekondi 73, chinaphwasuka anthu akuona. Palibe anapulumuka. Mmodzi mwa iwo anali mayi Christa McAuliffe, mphunzitsi wa sekondale amene anasankhidwa pa aphunzitsi oposa 11,000 kuti akaphunzitse ana iye ali kumwambako. Ana asukulu ambiri anali m'makalasi, maso ali pa TV. Makolo ake a mayiwa anali pabwalo pomwepo.

Dziko lonse linalira. Pulezidenti Ronald Reagan anayankhula tsiku lomwelo kutonthoza anthu, makamaka anawo, ndipo patapita masiku atatu mwambo wa maliro unachitika ku Houston. Mitembo panalibe. Chipinda chomwe anthuwo anakhalamo chinadzapezeka mu Malichi, pansi pa nyanja ya Atlantic.

Tsopano tcherani khutu. Kwathu kuno pamaliro pamaimirira munthu kufotokoza chimene chatenga m'bale wathu, kuti olira asabwerere ndi mafunso. Kumeneko ntchitoyi inapatsidwa komiti yotsogoleredwa ndi a William Rogers. Inapeza kuti choyambitsa chinali labala, inde labala, wotseka polumikizira zigawo za roketi yokankha chombocho ponyamuka. Usiku umenewo kunazizira mpaka madzi kuundana pansanja yonyamukira. Labala anauma gwa, moto unapeza potulukira, n'kukafika pa thanki ya mafuta.

Katswiri wa sayansi, a Richard Feynman, sanachulutse zonena. Anatenga kachidutswa ka labalayo, n'kukapana ndi kachitsulo, n'kukaviika m'kapu ya madzi ozizira a ayezi makamera akujambula. Atakamasula, sikanabwerere msanga m'malo mwake.

Chowawa kwambiri n'chakuti anthu ankadziwa. Usiku woti mawa ulendo, mainjiniya a kampani ya Morton Thiokol, yomwe inapanga maroketiwo, anachonderera kuti chombo chisanyamuke kukuzizira choncho. Mmodzi wa iwo anali a Roger Boisjoly. Mabwana awo, ataona kuti akuluakulu a NASA, bungwe la boma la America loyendetsa zombozi, sakukondwa ndi kuchedwa, anasintha maganizo n'kuvomereza. Ine ndimati imeneyi si ngozi yogwa yokha ayi. Inadutsa pa tebulo la msonkhano. A Boisjoly ataulula zonsezi ku komiti, anzawo kuntchito anayamba kuwasala, mpaka anachoka.

Mabanja a malemuwo anakhazikitsa malo ophunzitsira ana sayansi otchedwa Challenger Center. Zombo zinaima kuuluka kufikira Seputembala 1988.

Koma pa 1 Febuluwale 2003, chombo china, Columbia, chinaphwasuka pobwerera, anthu enanso 7 n'kufa. Chinapweteka phiko lake ndi chibenthu chomwe chinathothoka pa thanki ponyamuka, ndipo ofufuza anapeza kuti zibenthu zotere zinkathothoka maulendo ambiri m'mbuyomo, akuluakulu n'kuzolowera.

A wapampando, ndaona mikono iwiri uko. Tiyambe ndi amayi avala chitenje chobiriwirawo.