Amayi, nthiti za nkhumba m'poto watsopano uja

Amayi, mwaswera bwanji kumeneko? Ife kuno ku Johannesburg tili bwino. Ndamva kwa achemwali kuti pressure cooker ndinatumiza ija, poto wophika ndi nthunzi yotsekeredwa uja, idakali m'katoni, ati mukuopa kuti iphulika. Musaope mayi anga, poto ameneyo alibe vuto munthu ukamutsatira bwino. Lamlungu lino, poti abale akubwera, mumuyese ndi nthiti za nkhumba. Uthengawu mumvetsere limodzi ndi achemwali, popeza ndi amene akhale pamoto.

Mukagule nthiti makilo 2 kubutchala komwe nyama yake imayezedwa ngati ilibe matenda. Muyang'ane bwino mnofuwo. Mukaona timibulu toyera tonga mpunga, isiyeni ngakhale itchipe bwanji, timeneto ndi timene timabweretsa njoka zam'mimba. Muwauze akuduleni zigawo za mafupa atatu atatu kuti zilowe bwino m'poto.

Mukafika nazo kunyumba, muzitembenuze. Mbali ya mafupa kuli kachikopa koyera kopyapyala. Mukatokose ndi nsonga ya mpeni, mugwire ndi kansalu poti kamaterera, n'kukasenda konse. Kakatsala kamalimba, ndipo mchere sulowa bwino. Kenako mupake mchere, adyo wosinja, jinja, tsabola pang'ono ndi madzi a ndimu imodzi. Zikhale choncho ola limodzi.

Tsopano pa poto, apa ndiye mumvetsetse. Musanaike kanthu, muone labala wa m'chivindikiro uja ngati wakhala bwino m'malo mwake, wosang'ambika. Muchotse kachitsulo kapamwamba kaja kokhala pakabowo ka nthunzi, mukweze chivindikirocho kudzuwa, musuzumire pakabowo. Kuwala kukaoneka ndiye kuti njira ya nthunzi ndi yotsegula. Zimenezi muzichita nthawi iliyonse, chifukwa poto amavuta kabowo kameneko kakatsekeka.

Pansi muyale anyezi wodula, muthire madzi kapu imodzi ndi theka basi, nyama pamwamba. Ndikudziwa muona ngati madziwo achepa, koma musaonjezere mpaka kumiza nyama monga timachitira m'sefuliya. Umu nthunzi yambiri siituluka, ndiye madzi sauma msanga. Nthunzi yotsekeredwayo ndi imene imakweza kutentha kufika pafupifupi madigiri 120, pomwe madzi owira m'poto wamba sapyola 100. N'chifukwa chake nyama ya maola awiri imafewa theka la ola lisanakwane, makala n'kutsalako. Tomato ndi shuga musaike pano, zimapserera pansi. Ndipo poto asadzaze. Mukamugawa patatu m'maganizo, gawo lapamwamba likhale lopanda kanthu.

Mutseke mpaka zigwiriro ziwiri zija zilingane, mubwezere kachitsulo, muike pamoto waukulu. Akayamba kulira kuti tsiii, m'pamene muyambe kuwerenga nthawi, osati pomwe mwatereka ayi. Pomwepo muchepetse moto. Ngati ndi pambaula, muchotseko makala ena kuti azingolira pang'onopang'ono. Mphindi 25 zikwana. Ikakhala nkhumba yakumudzi yokhwima, mupatse 35.

Nthawi ikakwana muphule, muike pambali, osamukhudza kwa mphindi 15. Chonde Amayi, apa pokha ndikupempheni: wina asakakamize chivindikiro, ngakhale alendo afike ndi njala. Poto akhale chete kaye, kulira kuthe, kenako mukweze kachitsulo kaja pang'ono ndi mphanda. Pakapanda kutuluka nthunzi ndiye mutsegule, chivindikiro chikuyang'ana kutsogolo, osati kunkhope kwanu. Chikamalimba ndiye kuti mkati mudakali mphamvu, dikiraninso. Adzukulu asayandikire pamenepo, nthunzi imeneyo imawotcha kuposa madzi owira.

Zikatuluka zioneka zotuwa, musakhumudwe, ntchito siinathe. Musakanize tomato sosi, shuga sipuni imodzi ndi viniga pang'ono, mupake nthitizo, muziike pawaya pamakala. Mphindi 5 mbali iyi, 5 mbali inayo, mukuyang'anira chifukwa shuga sachedwa kupserera. Kwa ine apa m'pamene pali kukoma konse, poto uja amangofewetsa, koma fungo limachokera kumakala.

Madzi otsala m'poto musataye. Muyengule mafuta apamwamba, mukazinge anyezi ndi tomato m'sefuliya, muthire madziwo awire mpaka agwirane. Umenewo ndiye msuzi wa nsima, pambali pake mpiru kapena chainizi. Agogo muwapatulire zawo zisanapite pamakala, zimakhala zofewa moti mnofu umachoka pafupa ndi zala zokha, savutika kutafuna.

Ndatumiza ndalama ya nyama ndi ya bandulo kwa achemwali. Lamlungu ndili pa ofu, ndiye mukamatseka chivindikiro koyamba mundiimbire pa WhatsApp ya vidiyo, tichitire limodzi. Mupereke moni kwa Ababa ndi onse.