Makalata Anu: Ndani Adzuke Usiku Kukatembenuza Wodwala?

Moni nonse amene mwatchera khutu. Sabata ino makalata ambiri, ngakhalenso mauthenga a pa WhatsApp, akukamba za anthu amene anapulumuka pangozi koma moyo wawo sunabwererenso mwakale. Ndiyamba ndi kalata imene yandisowetsa tulo.

Yachokera kwa mayi wina wa ku Lunzu, amene wapempha kuti dzina lake ndisalitchule. Akuti: "Amuna anga ankachita kabaza wa njinga yamoto. Anawombana ndi lole mumsewu wa M1, nathyoka msana. Kuyambira m'chiuno kupita kumunsi sakumva kanthu. Ndinagona nawo m'chipatala miyezi itatu monga gadiyani. Pano tili kunyumba. Ndine ndimawasambitsa, kuwatembenuza, kutaya mkodzo wa m'paipi. Geni yanga ya tomato inatha, mwana wamkulu wasiya sukulu. Amuna angawo atuluka chilonda pathako chimene chikukulirakulira. Apongozi akuti ndinawakhwimira ine kuti ndilemere. Masiku ena ndimalakalaka kungothawa. Kodi ndine munthu woipa?"

Ayi, amayi, si inu munthu woipa. Mwatopa basi. Munthu woipa sagona pansi pa bedi la chipatala miyezi itatu. Ngoziyo inavulaza anthu awiri, koma mmodzi yekha ndi amene anamangidwa mabandeji.

Tiyambe ndi chilondacho, chifukwa ndicho sichingadikire. Mkati mwa fupa la msana mumadutsa mtsempha waukulu umene umanyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi thupi. Ukaduka kapena kuphwanyika, munthu samva ululu kumunsi kwa pamene pavulalapo. Inu ndi ine tikagonera mbali imodzi nthawi yaitali, thupi limatiuza kuti titembenuke, ngakhale tili m'tulo. Bambowa thupi lawo linasiya kuwauza. Khungu likapanikizika, magazi sayenda, mnofu umayamba kufa, ndipo chilonda chimene mukuchiona pamwambacho chikhoza kukhala chozama kwambiri mkati. Zilonda zimenezi, pamodzi ndi matenda a m'njira ya mkodzo, ndizo zimatenga miyoyo ya anthu ambiri amene ngozi yeniyeniyo inawasiya. Choncho mawa lomwe lino apite kuchipatala. Musathiremo makala a m'batire, musamatepo masamba. Asagonere pachilondapo, zofunda zikhale zouma ndi zosakwinyika, azimwa madzi okwanira, ndipo mukaona kutentha thupi kapena mkodzo wonunkha ndi wamatope, musadikire kuti kuche kawiri.

Achipatala amati wodwala wotere azitembenuzidwa pafupifupi maola awiri aliwonse, usana ndi usiku. Omvera, tawerengani nane. Pa tsiku limodzi ndi ka 12. Mayi mmodzi, amenenso aphike, atunge madzi, asake ndalama ya sopo ndi magolovesi. Agona liti?

Apa ndipamene ndikufuna ndiyankhule ndi akuchimuna, ndipo ndiyankhula mwaulemu koma mosapsatira. Apongozi, ululu wanu ndikuumva. Mwana amene munamubereka akuyenda lero wagona chigonere, ndipo mtima ukufuna woti umuloze chala. Koma amene anathyola msana wa mwana wanu ndi lole. Mpongozi wanu akanakhala kuti anakhwima, chumacho chili kuti, poti ngakhale tomato wa pabenchi anatha? Mukamuthamangitsa ndi mawu amenewa, adzasambitse mwana wanu ndani? Inunso alamu, achimwene ake a wodwala, kubwera Lamulungu masana ndi botolo la Sobo n'kunena kuti "limbani mtima" n'kwabwino, koma sikutembenuza munthu. Mutu umodzi susenza denga. Itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri ndi mwinimbumba, mukhale pansi, mugawane masiku: uyu agone kumeneko Lolemba ndi Lachinayi, uyu azibweretsa ufa, uyu alipire fizi ya mwana uja abwerere kusukulu. Amvano ndi magulu ena a kumpingo, pa maliro mumagona pasiwa osadandaula. Bwanji osagona usiku umodzi kwa munthu amene akadali moyo?

Ndipo amayi, bambowa moyo wawo sunathere pamphasa. Ku Blantyre komweko, pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth, kuli Kachere Rehabilitation Centre kumene amaphunzitsa anthu ovulala msana kudzuka okha, kuchoka pabedi kupita panjinga ya olumala, ndi kudzisamalira pa nkhani ya chimbudzi. Pemphani adokotala kapena afizo, aja amathandiza odwala kulimbitsa ziwalo, akuuzeni njira yopitira kumeneko. Manja a amuna anu ndi amphamvu, mutu uli bwinobwino. Munthu amene ankadziwa kumasula injini ya njinga akhoza kukonza njinga atakhala pansi. Muziwafunsanso nzeru pa za pakhomo monga kale, chifukwa chimene chimapweteka bambo wotere kuposa msana ndi kuona anthu akukambirana za iye ngati palibe. Mundilemberenso, ndikufuna kumva za chilondacho.

Bambo wina wa ku Kasungu akuti mchimwene wake anagundidwa ndi minibasi chaka chatha, ndipo mwini galimoto anangopereka ya transipoti n'kuzimiririka. Achimwene, lamulo la pamsewu limafuna kuti galimoto iliyonse ikhale ndi inshuwalansi yolipira anthu amene yawavulaza. Pezani lipoti la apolisi ndi lipoti la chipatala, ndipo ngati mulibe ndalama ya loya, pitani ku Legal Aid Bureau. Musazengereze, nkhani za chipepeso zili ndi malire a nthawi, ndipo musasayine pepala limene simunalimvetse.

Kwa mnyamata wa ku Karonga amene anadulidwa mwendo: miyendo yochita kupanga amapanga ku Mzuzu Central, ku Kamuzu Central ndi ku Queen Elizabeth. Kafunseni, ndipo chibwenzi chimene mukuopa kuti chitha chija musachithetse nokha mwini wake asanayankhule.

Mayi a ku Mitundu akuti mwana wawo chivulalireni m'mutu sachedwa kupsa mtima, amaiwala zinthu, amatukwana, zomwe kale sankachita, ndipo abale akuti ndi mizimu. Mayi, ubongo ukavulala khalidwe limatha kusintha ngakhale bala lakunja litapola. Si mwano, musamumenye. Bwererani naye kuchipatala mukafotokoze zonsezi, makamaka ngati akukomoka kapena kugwa ngati wakhunyu.

Mmisiri womanga nyumba wa ku Area 25 anagwa pasikafodi ali pantchito, abwana akuti zake zimenezo. Ayi, pali lamulo la chipepeso kwa ovulala pantchito. Pitani ku ofesi ya zantchito ya boma ndi mapepala a kuchipatala.

Tsopano pali dandaulo limene labwera m'makalata anayi, ndipo mundilole ndilalikire pang'ono. Ngozi ikachitika, ena amathamangira kujambula ndi foni, ena kutola katundu wa ovulala, ndipo ena a mtima wabwino amanyamula munthu, uyu mikono, uyu miyendo, thupi lili lendee, n'kumuponya kumbuyo kwa pikapu. Abale anga, fupa la khosi kapena la msana likhoza kukhala litathyoka mtsempha usanaduke, ndipo kanyamulidwe kameneko ndiko kamamaliza. Ngati munthu akudandaula khosi kapena msana, kapena akuti miyendo sakuimva, musamukhazike tsonga, musamupinde. Mmodzi agwire mutu kuti usagwedezeke, ena mumusunthe ali wowongoka, mumugoneke pa thabwa kapena chitseko. Chithunzi chimene mukutumiza pagulu la WhatsApp chija chimafika kwa mayi ake a munthuyo apolisi asanafike.

Nanunso anyamata a kabaza, ndimakuonani m'tauni chisoti chili pachigongono. Kodi ubongo wanu unasamukira pachigongono liti? Chivaleni kumutu, mumange lamba wake, ndipo wokwera nayenso mumupatse chake. Anthu atatu ndi thumba la makala panjinga imodzi, ndalama yake siikwana ngakhale paipi imodzi ya mkodzo.

Nthawi yathu yatha. Kalata ya agogo a ku Mulanje amene akulera zidzukulu zitatu chichitikireni ngozi ya basi ndiyamba nayo sabata yamawa. Amayi a ku Lunzu, mawa m'mawa kuchipatala, chonde.